Chinangwa cha Kwathu ndi Kabudula wa Mganda

Ine ndinakwatiwa chitengwa, ndipo zaka zimenezo chitengwa sichinali chofala. Anzanga onse amuna awo ankabwera kudzamanga pamudzi pa mkazi, koma ine anandinyamula kuchoka kwathu cha ku Nambuma kupita kwawo kwa amuna anga, kufupi ndi Nsaru, chifukwa iwo anali ndi munda wa fodya ndi chigafa chimene sankafuna kuchisiya. Amalume anga anavomera. Ine sanandifunse zambiri, komabe sindikanakana, pakuti munthuyo ndinamukonda kuyambira tsiku limene ndinamuona akuvina mganda.

Mganda wa nthawi imeneyo sunali gule wongodzukira. Gulu lililonse linkatchedwa boma, ndipo boma linali ndi Kingi wake, kaputeni woliza wezulo, ndi dokotala. Dokotalayo sankabaya jakisoni ayi. Ntchito yake inali kuyendera mzere wa ovina, kuwaona zikhadabo, mano ndi kuyera kwa zovala, komanso ntchito ina imene sinkanenedwa poyera, yosunga mankhwala otchinjiriza ng'oma ndi miyendo ya anyamata. Ovina ankavala zoyera zokhazokha ngati asilikali a pa perete, aliyense ali ndi badza m'manja, lipenga lija la mphonda limene likalira limamveka kutsidya kwa dambo. Amuna anga ankaima mzere woyamba, chakumanja, pamene maso a anthu amayamba kugwera.

Tsoka langa linali lakuti boma limene a ku Nsaru ankalimbana nalo chaka ndi chaka linali la kwathu, ndipo woimba ng'oma yaikulu kumeneko anali alongo anga enieni, a bere limodzi. Chaka chimene ndinali pachitomero, a kwathu anabwera kudzavina ku Nsaru, ndipo anatulutsa sitepe imene eni mudzi anali ataibisa kuti adzadabwitse nayo anthu. Eni mudzi anangoti kakasi, nagonja pabwalo pawo pomwe. Anaulula ndani? Palibe amene anatchula dzina langa, koma aliyense anakumbukira kuti ndinabwerako kudzaona apongozi mwezi womwewo, ndipo ndinagonako. Kunena zoona, ine sitepe ya mganda ndinkangoiona ngati anthu oponda phulusa lamoto. Mukanandiuza kuti ndionetse mwendo umene umayamba, ndikanagwa chagada.

Chaka chotsatira, fodya atagulitsidwa, chimanga chili m'nkhokwe, uthenga unafika wakuti tsopano ndi nthawi yathu yopita ku Nambuma kukabwezera. Ndikuti yathu chifukwa ine ndinkadziwerengera kuti ndine wa pamudzipo. Eni ake sankandiwerengera choncho.

Anyamata anasiya kuyeserera pabwalo, nasamukira kudambo, kuseri kwa bango. Chitsime chathu chinali njira yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo sindinapitenso ndekha kukatunga madzi. Ndikangonyamula mtsuko, alamu anga, alongo awo aakulu a amuna anga, ankatulukira pakhomo nawonso mtsuko uli m'manja, ngakhale m'nyumba mwawo madzi anali tho.

"Tiyeni tiperekezane, mlamu," ankatero. "Njoka zachuluka m'njiramu."

Njoka zake ziti m'nyengo yachisanu ngati imeneyo, ine sindinafunse. Njira yonse ankalankhula mokweza, nkhani zopanda mutu, za nkhuku ndi za mano a apongozi, kuti nyimbo ya kudambo isalowe m'khutu mwanga. Anali mayi wamtali, wa mawu okoma ngati uchi, ndipo maso awo sankaseka nawo pamene pakamwa pakuseka.

Alamu angawo anali ndi chifukwa chinanso chondiyang'anira m'mbali. Mwambo wa boma unali wakuti zovala za wovina amachapa, kusita ndi kulongedza ndi mkazi wake, ndipo ngati sanakwatire, mlongo wake. Zikalowa m'sutikesi palibe dzanja lina lozikhudza mpaka mwini wake adzazivale pa tsiku la mpikisano. Ndisanabwere, ntchitoyo inali yawo. Tsopano inali yanga, ndipo ndinkaiyembekeza kwambiri, chifukwa pamudzi wa eni ake ndicho chinthu chokha chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndi changa. Munali m'zaka za nkhondo, nsalu zitasowa m'masitolo. Kabudula woyera, malaya, masokosi aatali ndi tayi amuna anga anazipeza movutikira, atagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Namitete asanandikwatire. Pamudzi ponse panalibe nsalu imene inkasamalidwa ngati zimenezo.

Kutatsala masiku owerengeka, alongo anga anatulukira pa njinga yobwereka, atumidwa ndi Kingi wawo kudzatsimikiza tsiku. Atatha zolankhula ndi akuluakulu a boma, anabwera kunyumba kwanga namasula mtolo wa chinangwa umene unali pa kaliyala.

"Amayi akuti usatichititse manyazi," anatero. "Akuti upangire alamu sitachi, akavine kabudula ataima yekha, anthu adziwe kuti unaleredwa ndi munthu."

Ndinalandira ndi manja awiri, misozi ili pafupi. Ku Nsaru kumene ndinali chinangwa sankalima, ndipo akazi ankangochapa n'kusita, basi. Kwathu amayi anali ndi kamunda kake kumunsi kwa dimba. Ndinawapatsa alongo anga thobwa, ndipo ali mkati momwa anapendeketsa mutu kuloza kudambo.

"Kodi nyimbo ikumveka uko ndi yatsopano, eti?"

"Alongo, imwani muzipita, dzuwa lapendeka."

Anaseka, napukuta pakamwa, nakwera njinga. Koma funso lawolo linanditsalira mumtima ngati minga. Atapita ndinakhala pansi n'kuchiyang'ana chinangwacho. Ndinatenga mtsitsi uliwonse, kuutembenuza, kufufuza ngati pali potemedwa kapena pobooledwa pamene munthu angalowetsepo kanthu. Ndinathyola, ndinanunkhiza, ndinaluma kachidutswa kakawisi n'kudikira kuti ndione ngati lilime lichite dzanzi. Palibe chinachitika. Chinali chinangwa basi. Koma onani mmene mpikisano unkatipengetsera, mpaka mwana kununkhiza chinangwa cha amayi ake omubala.

Mmawa mwake ndinachisenda, n'kuchipala pa chitini chimene ndinachiboola ndi msomali, n'kufinyira m'mbale ya madzi. Madziwo atadikha, pansi panatsala ufa woyera woterera, ndipo ndinaphika kaphala kopyapyala. Zovala ndinali nditazichapa kale ndi sopo amene ndinkabisa padenga, ndiye ndinaziviika m'kaphalako n'kuziyanika pa udzu woyera, ine nditakhala pambali kuingitsa nkhuku. Nsimbi ya makala inali imodzi yokha pamudzi ponse, yobwereka kwa telala Mchawa wa pakhonde la sitolo ku Nsaru, ndipo inkayenda nyumba ndi nyumba. Itafika kwa ine ndinasita mtima uli m'mwamba, kuopa kuti kamoto kangagwere pa nsalu. Nditamaliza ndinamuimika kabudula uja pamphasa, ndipo anaima yekha, mizere yake ili chilili. Ndinaseka ndekha m'nyumbamo.

Kuseka kwangako sikunathe. Alamu anga anali ataona makoko kuseri kwa nyumba.

"Chinangwa chimenechi mwachitenga kuti, mlamu? Kuno sitilima."

"Anabwera nacho alongo anga. Atumiza ndi amayi."

"Oho. Ndiye mwaviikamo zovala za mlongo wanga, eti?"

"Ndi sitachi, alamu. Amaumitsa nsalu."

"Ndaona kuti yauma," anatero, natembenuka. Sanalowere kunyumba kwawo. Analunjika kwa dokotala.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, anandiitana ku chigafa kumene akuluakulu a boma ankakumana. Ndinagwada chapatali, zovala zili m'lichero patsogolo panga. Kingi anakhala pampando wa ndalema. Masiku ena onse anali bambo wamba amene ankatuma ana kudzapempha mchere kwa ine, koma nyengo ya mganda ikafika ankayenda ngati dziko lonse analilima yekha. Dokotala anamunyamula kabudula ndi kamtengo, osamukhudza ndi dzanja, namununkhiza, namugogoda.

"Mwamva kulira kwake?" anafunsa anzake. "Chimene chaumitsa nsalu chonchi, chikakhudza thukuta chiumitsa mawondo."

Ndinati, "Pepani akuluakulu, azungu a ku esiteti amavala zotere tsiku ndi tsiku. Kodi mawondo awo sapindika?"

"Azungu savina ndi alongo anu, mayi," anatero dokotala.

Ena anaseka. Ine ndinadzuka, n'kupita kunyumba, n'kubwera ndi kam'phika kamene munatsalira sitachi. Ndinagwadanso pomwe paja n'kuyamba kudya ndi chala pamaso pawo. Kanali kozizira, konanda, kopanda mchere, ndipo kankakana kutsika pammero, koma ndinakakamiza mpaka m'phikamo munayera. Ndinautembenuza m'phikawo kuti onse aone.

Dokotala anadikira kuti ndimalize, kenako anati, "Mwavutika chabe, mayi. Mankhwala a kwanu sangagwire mwana wa komweko. Amadziwa fungo la eni ake."

Anthu onse anagwedeza mitu kuvomereza. Pamenepo ndinadziwa kuti ngakhale ndikanameza ndi m'phika womwe, sakanandikhulupirira. Kingi anatsokomola, nanena kuti zovalazo azipereke kwa alamu anga akazichapenso, ndipo ine ndisazikhudzenso. Ndinayang'ana pansi, ndikudikira kuti lichero lichotsedwe patsogolo panga.

Amuna anga nthawi yonseyo anali atakhala motsamira mzati. Sanali munthu wolankhula pagulu. Koma anaimirira nati, "Zovalazi ndi zanga, miyendo ndi yanga, mkaziyu ndi wanga. Ndivala zomwezi."

Sindingabise, mtima wanga unasungunuka. Ndikanatha kuwakumbatira pomwepo pamaso pa alongo awo. Kingi ndi dokotala anayang'anizana, ndipo dokotala anangoti, "Zili kwa inu, bambo." Anavomera msanga kwambiri, anthu amene ankatha kukangana tsiku lonse za batani limodzi. Ndinaziona zimenezo, koma chimwemwe chinandiphimba m'maso.

Ndinalongedza tsiku lotsatira. Sutikesi yawo inali ya malata, yobiriwira, loko wake wothyoka. Ndinaipukuta mkati, n'kuyala nsalu yanga yatsopano kuti dzimbiri lisakhudze zoyera. Pansi ndinaika kabudula, pamwamba pake malaya, manja ake nditawapinda kumbuyo. Masokosi ndinawalowetsa m'mbali, tayi ndinamukulunga pa chitsononkho choyera kuti asachite makwinya, kenako kampango kogwira m'manja povina, chipeso ndi kagalasi. Amuna anga anali pakhonde, akumata pakamwa pa badza lawo ndi kachikopa koyera kamene kangaude amaikiramo mazira, kamene kamalipatsa mawu onjenjemera.

"Bwerani mudzaone ndisanatseke," ndinatero.

"Tseka, ndakhulupirira."

"Kodi simufuna kuona mmene malaya akhalira?"

"Ndidzaona povala."

Sanatembenuke n'komwe. Ndinatseka, n'kumanga ndi chingwe cha luzi, mfundo yanga ya masiku onse.

Masana amuna anga anati akupita kumudzi woyandikana nawo kukazonda msuweni wawo, wovina mnzawo, amene anadzitema ndi nkhwangwa ndipo ulendowo sakanapita nawo. Anabwerako chimanjamanja, koma anadzera njira ya kuseri kwa nyumba ya alongo awo, imene sinali njira yawo. Patapita kanthawi ndinaona nsimbi ija ikulowa m'nyumba ya alamu anga, utsi ukufuka. Alamu angawo amuna awo sankavina. Ndinawafunsa amuna anga kuti kodi nsimbi ikukatani kumeneko.

"Akusita mpango wa kutchalitchi," anayankha.

Mpango umodzi sudya makala kawiri. Ndinaona mwana wawo akukapala moto wina, koma ndinadziuza kuti ndasanduka ngati iwowo, wokayikira chilichonse, ndipo ndinadziletsa.

Tinanyamuka m'mamawa, mame akadali pa udzu. Amuna anasenza ng'oma pa mitengo, mabadza ali m'khosi, ndipo masutikesi tinasenza ndife akazi, aliyense ya mwamuna wake. Ulendo wa ku Nambuma ndi wautali, ndipo sutikesi ya malata ilibe chisoni ndi khosi la munthu. Nkhata inaphwa tisanafike pakati. Fumbi linali lofiira, mphepo ikulimwaza m'maso. Anzanga akatula katundu pansi popuma, ine yanga ndinkaiika pamiyendo, kuopa kuti wina angaiyandikire kenako adzanene kuti ndinalekerera. Powoloka mtsinje ndinaigwira ndi manja awiri, madzi akundikoka nsalu. Alamu anga ankayenda patsogolo panga ndi kadengu kovundikira bwino, kopepuka, ndipo sanakatule pansi ngakhale kamodzi.

Kwathu anatilandira ndi nthungululu. Anatipatsa malo ogona, ndi nyumba imodzi yapadera yoti amuna adzavaliremo. Chakudya chimene eni mudzi anabweretsa palibe anachikhudza mpaka dokotala atachiyang'ana ndi kuchilawa, chakudya chophikidwa ndi azakhali anga, m'miphika imene ine ndinakulira ndikutsuka. Mmawa wa mpikisano ndinapita nayo sutikesi pakhomo pa nyumba yovalira, ndinagwada, n'kuipereka m'manja mwa amuna anga. Anati zikomo, maso ali kwina. Ine ndinapita kukakhala ndi amayi kutsogolo kwa bwalo, pamene ndikanaona bwino.

Eni mudzi anayamba ndiwo, ndipo anavina bwino, alongo anga akuimenya ng'oma ngati inawalakwira. Kenako wezulo analira kuseri kwa nkhokwe, mabadza anayankha, ndipo a ku Nsaru analowa m'mizere yawo, fumbi likukwera. Maso anga anathamangira mzere woyamba, chakumanja.

Mkazi amadziwa kusita kwake. Kabudula amene amuna anga anavala anali woyera ndithu, koma anali wamkulu, wofika m'mawondo, wolendewera ngati thumba, wopanda mzere ndi umodzi womwe. Malaya anali ndi matumba awiri, pamene awo anali ndi limodzi. Zinali zovala za msuweni uja wodzitema ndi nkhwangwa.

Amayi anayang'anitsitsa, nandigwira pamkono. "Mwanawe, kodi chinangwa chija munadya?"

Kumbuyo kwanga ndinamva akazi a kwathu, amene ndinasewera nawo ndili mwana, akunong'onezana kuti taonani mwana wa pano mmene wamutulutsira mwamuna wake, ngati wavala za maliro a mnzake. Kwawo kwa amuna anga ndinali mfiti, kwathu ndinasanduka waulesi, zonsezo tsiku limodzi.

Ndipo anavina. Ndiyenera kunena, chifukwa ndi zoona: sindinawaonepo akuvina ngati tsiku limenelo. Sitepe yatsopano itatuluka, anthu amene anaima mbali ya eni mudzi anayamba kusunthira mbali yathu, mpaka akazi a kwathu omwe analowa m'bwalo kukawapukuta thukuta ndi mipango. Mpikisano unkaweruzidwa choncho, ndi kumene khamu lathamangira. Alongo anga anatula timitengo ta ng'oma, napita kukagwira chanza Kingi wa ku Nsaru. Tinapambana.

Anthu asanabalalike, ndinamva dokotala akuuza anyamata, osatsitsa mawu n'komwe, kuti tikanapanda kuchenjera ndi zovala zija lero tikanalira. Alamu anga anandipeza pamene ndinaima, nkhope ili mwee.

"Mwaona mmene miyendo yapepukira, mlamu?" anatero.

Ndinalowa m'nyumba yovalira muja amuna atatuluka. Sutikesi inali pakona, chingwe chili chimangire, mfundo yanga yomweyo. Sanaitsegule n'komwe kuti aone mmene malaya anakhalira. Ndinaisiya pomwepo n'kupita kwa amayi, ndipo kumeneko ndinawauza zonse.

Kutacha, a ku Nsaru akukonzeka kubwerera, amuna anga anabwera kwa amayi atanyamula sutikesiyo. Amayi anawalonjera mwaulemu wa apongozi, nachoka kupita kuseri. Iwo anaitula patsogolo panga nakhala pa mtondo wogonekedwa.

"Ndikudziwa wakwiya," anatero.

"Munkaopa chiyani, bambo? Munaganiza kuti ndingakupheni miyendo ine?"

"Iwe sindinakuope. Ndinaopa kuti tikagonja nditavala zako, adzati ndiwe. Sukanakhalanso pamudzi paja. Ndinachita zimenezi kukutchinjiriza."

Anayankhula mofatsa, akundiyang'ana m'maso, ndipo mwina ankanena zoona. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo, tsiku lina ndimawakhulupirira, tsiku lina ayi.

"Mukanandiuza," ndinatero. "Mukanandiuza m'nyumba, tili awiri, ndisanathyoke khosi njira yonse ija."

"Ukanakana."

"Nanga pano mwapambana mutavala za eni, akuti chiyani za ine?"

Iwonso anali atamumva dokotala. Kubwalo wezulo analira kuitana anthu a ulendo.

"Senza tizipita," anatero chapansipansi. "Tikakambirana kunyumba."

"Senzani nokha."

Anadikira pang'ono, poganiza kuti mwina ndikungonena. Wezulo analiranso. Anaimirira, naikweza sutikesi paphewa, mwamuna amene dzulo lake mudzi wonse unamuimbira nthungululu, nayenda kukalowa m'mzere wa akazi osenza katundu. Ndinawayang'ana mpaka anazimiririka kuseri kwa minda, ndikuwakonda ndithu monga kale, koma sindinawatsatire, tsiku limenelo kapena lina lililonse.